Fungo Lokhalitsa: Zimene Mbiri ya Mafuta Onunkhira Ikutiphunzitsa Ife a ku Golomoti



Ife a kuno ku Golomoti dzuwa timalidziwa. Anzathu otsika kuchokera ku Dedza pa msewu wa Khwekhwerere amavula juzi asanafike n'komwe kuchigwa kuno, pomwe ife thukuta limayamba kutuluka m'mawa. Lachisanu likafika timasamba, kuvala mkanjo wochapa bwino, n'kudontheza mafuta onunkhira padzanja. Koma ambiri timadandaula chinthu chimodzi: pamene shehe akumaliza khutbah, fungo lija limakhala litapita kale. M'mwezi uno wa Ramadhan dandauloli limakula, chifukwa Taraweeh ndi yaitali, mzikiti umadzaza, ndipo makolo ayamba kale kuwerengera za Eid: zovala za ana, mpunga, Zakaatul Fitr, ndi kabotolo kaja kamene ndalama yake ikanatha kugula shuga wa masiku angapo. Ena timati wogulitsa anatipusitsa. Ena timangothira mowirikiza mpaka kabotolo kutha mwezi usanafike pakati.

Funso lakuti fungo lingakhalitse bwanji pathupi si lachilendo. Asilamu a m'maiko otentha ngati kwathu kuno akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 1,400, ndipo yankho limene anapeza silinasinthe: fungo lopanda choligwira limathawa, choncho limafunika mafuta olisunga ndiponso zinthu zolemera zolichedwetsa. Tiyeni titsate mmene iwo anazitulukira, ndi mmene nzeruyo inafikira m'mbali mwa nyanja yathu.

Tiyambire ku Madinah. M'mabuku a Hadith a Imam Bukhari ndi Imam Muslim muli nkhani ya Mayi Aisha (Allah asangalale nawo), amene anafotokoza kuti ankadzoza Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wasallam) mafuta onunkhira asanalowe mu Ihram, ndipo kunyezimira kwa mafutawo kunkaonekabe pakati pa tsitsi lake ali kale mu Ihram. Munthu akalowa mu Ihram saloledwa kudzolanso zonunkhira, ndiye zimene anadzola poyamba zinkayenera kupirira ulendo wa m'chipululu. Taonani zinthu ziwiri m'nkhaniyi. Choyamba, zonunkhirazo zinali zonyezimira, kusonyeza kuti zinali za mafuta okhuthala. Chachiwiri, anazipaka m'tsitsi, malo amene amasunga fungo nthawi yaitali kuposa khungu. Anas bin Malik (Allah asangalale naye) anasimbanso kuti Mtumiki sankakana akapatsidwa zonunkhira, ndipo kusamba ndi kudzola pa tsiku la Jumu'ah ndi Sunnah yodziwika kwa tonsefe.

Zonunkhira zapamwamba za nthawi imeneyo zinali zitatu, ndipo zonse zinkachokera kutali. Miski inkachokera ku kanyama konga gwape ka m'mapiri a Himalaya, Tibet ndi China. Kamphongo kake kali ndi kathumba pamimba momwe mumakhala miskiyo. Ambari imapangika m'mimba mwa mtundu wina wa namgumi, n'kuyandama panyanja yamchere nthawi yaitali mpaka mafunde kuiponya pagombe. Udi ndi mtengo wa ku India ndi maiko a kum'mawa kwake, umene ukavulala ndi kugwidwa nkhungu umatulutsa utomoni wakuda wonunkhira mkati mwa thunthu. Zitatu zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi: fungo lake limachoka pang'onopang'ono kwambiri.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuti mphuno imve fungo, timagawo ting'onoting'ono ta chinthucho timayenera kuuluka kulowa mumpweya. Timagawo ta ndimu, lalanje ndi masamba ena n'topepuka, ndiye timauluka msanga ndipo timamveka mwamphamvu poyamba, kenako n'kutha. Ta maluwa timakhalako pang'ono. Ta miski, ambari, udi ndi mtengo wa sandal n'tolemera, timatenga maola ambiri. Kutentha kumafulumizitsa kuulukaku, monga mmene chitenje chochapa chimaumira msanga mu Okutobala kusiyana ndi mu Juni. N'chifukwa chake kabotolo komweko kamene kamakhalitsa pathupi la m'bale wathu wa ku Dedza boma, kwa ife a kuchigwa kamaoneka ngati kosalimba. Amene akukumbukira Ramadhan ya 2005 ndi 2006, imene inagwa m'nyengo ya Okutobala, akudziwa zimene tikunena.

Chisilamu chitafalikira, ntchito yopanga zonunkhira inakula kwambiri mu mzinda wa Baghdad m'nthawi ya ufumu wa Abbasi. Katswiri wina wotchuka, Yaqub al-Kindi, amene anamwalira cha m'ma 873, amadziwika ndi buku lotchedwa Kitab Kimiya al-Itr wa al-Tas'idat, momwe muli njira zoposa 100 zopangira mafuta ndi madzi onunkhira. Zonunkhira zimene mafumu ankanyadira zinkatchedwa ghaliya, ndipo ankazipanga posakaniza miski ndi ambari m'mafuta otchedwa ban. Mafuta a ban ankawasankha chifukwa alibe fungo lamphamvu la iwo eni, ndipo sawonongeka msanga ngakhale kukutentha. Iwo ndi amene ankagwira fungo n'kumalitulutsa pang'onopang'ono.

Tingadabwe kumva kuti mafuta a ban amafinyidwa kuchokera ku njere za mtengo wa mtundu wa Moringa. Wa ku Arabia ndi wachibale wa chamwamba, uja timabzala ngati mpanda ndi kuthyola masamba ake kuchita ndiwo. Njere za chamwamba wathu nazonso zimatulutsa mafuta a khalidwe lomwelo, ndipo opanga zonunkhira amawagwiritsa ntchito mpaka lero. Mafuta a mtundu umene unkanyamula fungo la makhalifa ali m'njere zimene zimangogwa kuseri kwa nyumba zathu.

Mbiri ikutiuzanso kuti chinyengo pa malonda a zonunkhira n'chakalekale. M'buku la al-Kindi muli njira zopangira zinthu zotchipa zofanana ndi zodula. M'mizinda ya Asilamu munali mkulu woyang'anira misika wotchedwa muhtasib, ndipo al-Shayzari, amene analemba buku lotsogolera ntchitoyi m'zaka za m'ma 1100, anapatula gawo lofotokoza mmene ogulitsa ankasakanizira miski ndi ambari ndi zinthu zina, komanso mmene angawagwirire. Choncho pamene tikukayikira kabotolo kathu lero, tidziwe kuti ogula a ku Baghdad ndi ku Damascus ankakayikiranso chimodzimodzi.

Kuchokera ku Baghdad tipite ku India, chifukwa mafuta ambiri amene timawatcha attar chiyambi chake chili kumeneko. Mfumu Jahangir, amene analamulira kuyambira 1605 mpaka 1627, analemba kuti apongozi ake, Asmat Begum, anaona mafuta akuyandama pamwamba pa madzi otentha a maluwa a rozi, n'kuwawengula pang'onopang'ono. Koma mzinda umene unatchuka zedi pa ntchitoyi ndi Kannauj, m'chigawo cha Uttar Pradesh, komwe mpaka pano amatsata njira ya makolo awo. Amaika maluwa ndi madzi mu mphika waukulu wa mkuwa wotchedwa deg, n'kumata chivundikiro ndi dongo, n'kusonkha moto pansi. Nthunzi yonyamula fungo imadutsa mu nsungwi kupita mu chotengera china chotchedwa bhapka, chimene chimakhala m'madzi ozizira. Mu chotengeracho amakhala ataikamo kale mafuta a mtengo wa sandal. Nthunzi ikazizira, fungo la maluwa limalowa m'mafuta aja, madzi amawachotsa, mawa lake amabweretsa maluwa atsopano n'kubwerezanso, masiku ambiri, mpaka mafuta atakhuta. Pomaliza ankawasunga m'matumba achikopa kuti chinyezi chotsala chiume.

Apa nzeru ndi yomwe ija ya ku Baghdad. Duwa la rozi palokha fungo lake silichedwa kutha, koma likakhazikika pa sandal limatha tsiku. Anthu a ku Kannauj anafika mpaka pogwira fungo la dothi. Amaphika zidutswa za dongo lootcha mu deg, n'kupanga mafuta otchedwa mitti attar, amene amanunkhira ngati nthaka mvula ya chizimalupsa ikangogwa. Ngakhale kukula kwa timabotolo tathu kunachokera komweko. Amwenye ankayeza zinthu zodula ndi muyeso wotchedwa tola, umene ndi magalamu pafupifupi 12, ndipo n'chifukwa chake timabotolo ta attar timakhala ta mamililita 3, 6 kapena 12: kota, theka ndi tola yathunthu.

Nanga zimenezi zinafika bwanji kwathu? Gombe la kum'mawa kwa Africa linali m'malonda amenewa kuyambira kale. Wolemba mbiri al-Mas'udi, amene anayenda panyanja ya kumeneko cha m'ma 916, analemba za ambari yopezeka m'gombe la dziko la Zanj. Lubani ankachokera ku Somalia ndi ku Oman, ndipo zombo zoyenda ndi mphepo zinkalumikiza Kilwa ndi Zanzibar ndi Arabia komanso India. Patapita nthawi njira za malonda zinalowa mkati mpaka kufika pa nyanja yathu. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. Mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda ankatumiza maulendo kugombe, ndipo Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870. Pambuyo pake mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene anaphunzira kugombe, anayendayenda m'madera a m'mbali mwa nyanja akuphunzitsa. Pamodzi ndi chiphunzitso kunabwera makhalidwe a kugombe: mkanjo, chisoti, ndi kufukiza lubani pa misonkhano.

Sitingadutse gawo limeneli osanena choona chowawa. Maulendo amene ankabweretsa nsalu, mikanda ndi mfuti ankabwerera kugombe atanyamula minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo, ambiri a iwo ochokera m'midzi ya chigawo chathu chomwe chino. Ana athu aphunzire mbiri yonse, yokoma ndi yoipa yomwe, kuti adziwe kuti zinthu zamtengo wapatali kawirikawiri zimakhala ndi wina amene analira nazo.

Komanso tisaganize kuti makolo athu a kuno analibe nzeru ya mafuta alendowa asanafike. Agogo athu ankakazinga njere za nsatsi, kuzisinja, kuziwiritsa m'madzi ndi kuwengula mafuta oyandama pamwamba. Mafuta a nsatsi ndi okhuthala, sauma msanga, ndipo ankawadzola kuti khungu lisathetheke ndi dzuwa. Khungu lodzola bwino chotere ndi limene limasunga fungo, pomwe khungu louma ndi lotuwa limalitaya msanga. Mafuta a kugombe atafika anapeza anthu odziwa kale kusamala khungu.

M'nthawi ya atsamunda njira zinasintha. Amalonda ochokera ku India, ambiri a iwo Asilamu, anatsegula sitolo m'malo ambiri ochitira malonda, ndipo mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima kudutsa kwathu kuno. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amwenye kuchoka m'madera a kumidzi kupita m'mizinda ikuluikulu. Masiku ano timabotolo timatifika ndi obwera ku Hajj ndi Umrah, ndi ana athu ogwira ntchito ku Johannesburg ndi Durban, ndi amalonda okapikula ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Dar es Salaam.

Koma zimene zili m'kabotolo ka lero si zimene zinali m'ghaliya. Tinyama ta miski tinaphedwa kwambiri moti malonda ake ndi oletsedwa kapena olondoledwa mwamphamvu. Mu 1888 katswiri wa ku Germany, Albert Baur, anatulukira miski yopanga, ndipo pafupifupi miski yonse imene timagula lero ndi ya m'fakitale. Mitengo ya udi inadulidwa mpaka mu 1995 mtundu wake waukulu unaikidwa pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loteteza zachilengedwe zimene zili pangozi. Sandal naye anasowa ndi kukwera mtengo, moti ngakhale ku Kannauj opanga ambiri anayamba kugwiritsa ntchito mafuta otchipa ochokera ku petulo m'malo mwake. Ku Ulaya anthu anatsata njira ina, yosungunula fungo mu alkoholi, monga Eau de Cologne imene Johann Maria Farina anayamba kupanga mu 1709. Perefyumu wopopera wa mtundu umenewu amamveka patali poyamba chifukwa alkoholi imauluka msanga, pomwe mafuta amamveka pafupi koma amapirira.

Kukhala kopanga si kuipa. Miski ya m'fakitale yapulumutsa nyama zambiri, ndipo yachititsa kuti ngakhale mlimi wa ku Bwanje akwanitse Sunnah ya Lachisanu. Choipa ndi kugulitsa chopanga ponama kuti n'chenicheni, kapena kusungunula mafuta mobisa. Surah Al-Mutaffifin, imene imatchula miski pofotokoza chakumwa cha anthu a ku Jannah, ndi yomweyo imene imayamba ndi chenjezo loopsa kwa ochepetsa muyeso. Abale athu ogulitsa mafuta pakhomo la mzikiti aikumbukire. Ife ogula tidziwenso kuti udi weniweni ndi wodula kwambiri, ndipo sangapezeke pa mtengo wa sopo.

Tsono tiphunzirepo chiyani pa mbiri yonseyi? Choyamba ndi khungu. Tidzole tikangosamba, thupi lili loyera ndi lozizira, chifukwa thukuta lokhalitsa limasokoneza fungo. Pamalo pamene tikufuna kudontheza tiyambe tapakapo pang'ono mafuta opanda fungo, kaya Vaseline woyera, kaya dontho la mafuta a nsatsi kapena a chamwamba, kuti agwire ntchito imene ban ankagwira. Mafuta ophikira tisagwiritse ntchito, chifukwa akakhalitsa padzuwa amasasa.

Chachiwiri ndi malo. Ambiri timadontheza pamkono pafupi ndi chikhatho, kuiwala kuti ife Asilamu timasambitsa manja mpaka m'zigongono pa wudhu kangapo pa tsiku. Fungo lambiri limene timati lathawa limapita ndi madzi a wudhu. Ndi bwino kudzola wudhu utatha, ndi kusankha malo amene madzi safikako kawirikawiri, monga pachifuwa mkati mwa mkanjo ndi kuseri kwa khosi. Tisamalenso kuti tisapake mafuta okhuthala kwambiri pa ziwalo za wudhu mpaka kutchinga madzi. Tsitsi ndi ndevu zimasunga fungo nthawi yaitali, monga tinaonera m'nkhani ya Mayi Aisha. Nsalu nayo imasunga, koma mafuta akuda amathimbirira pa mkanjo woyera, ndiye tipake mkati mwa kolala kapena mkati mwa chisoti. Tikapaka tisatikite mwamphamvu, kungogunditsa pang'ono n'kokwanira.

Chachitatu ndi kasungidwe. Adani a mafuta onunkhira ndi kutentha, kuwala ndi mpweya. Kabotolo kosiyidwa pawindo, pafupi ndi denga la malata, kapena m'thumba la malaya tsiku lonse kamayamba kutha mphamvu tisanakagwiritse ntchito. Tikatseke molimba n'kukaika m'sutikesi pakati pa zovala, kapena pakona pozizira pafupi ndi mtsuko wa madzi.

Chachinayi ndi kagulidwe. Fungo limene timamva potsegula kabotolo ndi la timagawo topepuka tija, ndipo silitiuza za maola akutsogolo. Tipemphe dontho padzanja, tizungulire msika, ndipo tinunkhize patatha ola. Ngati pakutsalabe fungo labwino, mafutawo ali ndi maziko. Kwa ife a kotentha, mafuta okhala ndi miski, sandal, ambari kapena udi amapirira kuposa a fungo la zipatso. Ana tiyambe tawayesa pamalo pang'ono, chifukwa ena khungu lawo limayabwa kapena kutuluka nsungu.

Chachisanu n'chimene ambiri sitichidziwa: mphuno imatopa. Munthu akakhala ndi fungo limodzi kwa mphindi zingapo, ubongo umasiya kulilabadira, monga mmene mwini nyumba samva fungo la nyumba yake. Nthawi zambiri fungo limakhala lilipo, ndife eni amene tasiya kulimva. Tisanawonjezere tifunse wa m'nyumba mwathu. Mu swaf ya Taraweeh timaima phewa ndi phewa ndi okalamba ndi odwala mphumu, ndipo fungo lopyola muyeso limawapweteka mutu ndi kuwabanika. Cholinga cha Sunnah imeneyi ndi kusangalatsa oyandikana nafe, choncho dontho limodzi kapena awiri n'zokwanira.

Pa nkhani ya kusala, ma ulama amagwirizana kuti kudzola mafuta onunkhira pathupi sikumasula swawm. Chimene ambiri amachenjeza ndi kukokera dala utsi wa udi kapena lubani masana a Ramadhan, choncho kufukiza tikusungire nthawi ya usiku titamasula. Alongo athu akukumbukira kuti Mtumiki analangiza amayi opita ku mzikiti kuti asadzole zonunkhira, koma m'nyumba zawo ndi pakati pa abale awo khomo n'lotseguka. Za perefyumu wa alkoholi ma ulama amasiyana maganizo, ndipo wofuna kumvetsa afunse shehe wa pa mzikiti wake.

Amene sangakwanitse kugula kabotolo chaka chino asadzione wotsalira. Sopo, madzi ndi chovala chochapa ndiwo maziko, ndipo Mtumiki anatiuza kuti mpweya wa m'kamwa mwa wosala ndi wokondeka kwa Allah kuposa miski. Iye anayerekezanso bwenzi labwino ndi wonyamula miski, amene ngakhale asakupatse kanthu umachoka pa iye utatengako fungo. Amene Allah watipatsa kabotolo, m'mawa wa Eid tisakasiye m'sutikesi. Tikatenge popita ku swala, ndipo tidontheze padzanja la mnansi ndi la mwana wamasiye amene waima pafupi nafe.

Allah alandire kusala kwathu ndi kuima kwathu usiku, awakhululukire makolo athu amene anatsogola, ndipo atifikitse pa Eid tili amoyo ndi athanzi. Ameen.